Mayina Makumi Anayi ndi Atatu

Santa Librada, Texas
6 Febuluwale

Okondedwa achemwali anga a Oralia,

Moni wochokera kuno kwanu. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Fidencio pamodzi ndi ana. Nanga bondo lija likuti bwanji ndi kuzizira kwa ku Yakima? Sabata yatha anaonetsa pa TV misewu yakwanuko itayera mbuu, Amayi mpaka anakuyatsirani kandulo ngati kuti mwapita kunkhondo.

Kuno tilipo ndithu. Shuga wa Amayi watsikako, koma ng'ala ya diso lakumanzere ikungokulirakulira, ndipo adokotala akuti opaleshoni idikire Epulo. Achimwene a Baldemar aonda ndi kampeni, lamba wawo mpaka abooletsa kabowo kena. Ine ndikuphikabe kusenta ya okalamba kuja, mapoto omwewo, madandaulo omwewo akuti mchere wachepa.

Musadabwe kuti ndakulemberani kalata pomwe foni ndili nayo. Nyumba ino mukuidziwa, ukatsokomola kubafa wina kukhitchini amati pepa. Maso a Amayi ndiwo afooka, makutu ayi. Komanso nkhani imene ndili nayoyi ikukana kutuluka pakamwa. Ndakuimbirani katatu kuti ndinene, katatu konse tathera kukamba za nyengo.

Mukudziwa kale kuti achimwene akupikisana nawo pa mpando wa m'bungwe lalikulu la maphunziro, lija limagamula zimene ana a m'Texas monse aziphunzira ndi mabuku amene aziwerenga. Chimene simungachione muli kutaliko ndi mmene nkhaniyi yalowera m'nyumba muno. Pa zipani ziwiri zikuluzikulu za dziko lino, iwo aimira chija cha chizindikiro cha njovu. Ife kuyambira pa agogo athu otola thonje aja tonse ndife a chipani cha bulu, ndipo palibe anaganizapo kuti zimenezi munthu amachita kusankha.

Ine sindiwaweruza. Munthu waphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo akuti anatopa kulandira ana a zaka khumi ndi zisanu oti funso lenilenilo sangathe kuliwerenga. Akufuna ana aziphunzira kuwerenga monga ankatiphunzitsira masisitere, chilembo ndi chilembo. Akufuna makolo aziyamba aona buku lisanafike m'manja mwa mwana, komanso kuti pemphero lisamachititse manyazi pasukulu. Pamsonkhano uliwonse amati anthu a mtundu wathu amalawirira kuntchito, sajomba ku Misa, amasunga makolo awo m'nyumba, ndiye akuti tonse ndife a njovu kale, kungoti sitinauzidwe. Zina ndimagwirizana nazo, zina ndimangoyang'ana pansi.

Amayi atamva, anatha sabata ziwiri osawayankhula. Kenako anayambanso kuwapakulira chakudya akabwera, koma chozizira. Nditafunsa anati njovu siisankha, imadya chilichonse.

Ntchito ya Amayi pa chisankho mukuikumbukira, poti nanunso munakwerapo kumbuyo kwa lole mutanyamula zikwangwani. Zaka makumi anayi akhala akutenga anthu khomo ndi khomo kupita nawo kokaponya voti. Dera lino a bulu ndiwo amalamulira, choncho chisankho chenicheni ndi chachipulula cha mu Malichi. Wopambana pamenepo wapambana basi, cha mu Novembala chimangokhala chokwaniritsa mwambo. Ndipo munthu amene Amayi amamuyendera kuposa onse ndi a Don Eusebio Cavazos, komishonala wathu wa misewu ndi ngalande, compadre wawo, amene ananyamula achimwene pa ubatizo. Ndi iwo aja anatikokera madzi a m'mipopi inu mutatsala pang'ono kukwatiwa, nthawi imene tinkasunga madzi akumwa m'migolo ya mankhwala a m'munda.

Masiku ano miyendo ya Amayi singathenso za khomo ndi khomo. Anthu awo amene atsala ndi agogo a kusenta kwathu, olembetsa kuvota alipo makumi anayi ndi atatu. Amayiwo kusentako sabwera, akuti kumeneko n'kwa nkhalamba, koma chisankho chikafika amatulukira atavala bulauzi yawo yabwino, n'kuwakweza onse m'minibasi maulendo anayi, ine ndikuyendetsa. Pa chisankho chathachi a Don Eusebio anapambana ndi mavoti makumi atatu okha. Chaka chino akulimbana ndi loya wina wachinyamata, Homero Elizondo, wa mano oyera mbee ndi chikwangwani pamphambano iliyonse.

Tsopano mverani zimene ndachita ine mng'ono wanu.

Mu Novembala achimwene anafunika kupereka dzina lawo kuchipani. Njira zake ndi ziwiri, kulipira kapena kubweretsa mayina mazana asanu a anthu osaina kuti akukufuna. Mukuwadziwa achimwene ndi matama awo. Anati mpando wa ana sagula, anthu ndiwo andiike. Anzawo a kutchalitchi anayenda nawo sabata zitatu, kenako uyu msana, uyu ntchito, ndipo tsiku lotsekera likuyandikira mayina anali asanakwane.

Anandipeza kukhitchini kusenta ndikusenda mbatata, n'kunena kuti, "Iwe Chela, agogo akowa amadya za m'manja mwako. Ungalephere kundipemphera timayina tokha? Sindikupempha voti ayi, ndi dzina chabe kuti ndilowe pa pepala." Chiyambireni kampeni anali asanandipemphepo kanthu. Kunena zoona ndinanyada. Munthu wa mapoto ngati ine, aphunzitsi a masamu kundifuna!

Mapepalawo ndinawatulutsa Lachisanu, tsiku la masewera a mwayi aja a lotería, pamene aliyense amakhala wosangalala ndi makadi ake. Ndinayenda tebulo ndi tebulo ndikubwereza mawu omwewo amene anandiuza achimwene. Agogo a Tomasa, aja a zaka 88, anaseka n'kuti, "Baldemar yemwe uja ankandibera malalanje? Lero akufuna kukhala bwana wa masukulu? Bweretsa kuno ndisaine, mwina andibwezera." A Don Lupe anasaina akufunsa ngati osaina alandira keke. Palibe anawerenga. Ambiri magalasi anasiya kunyumba, ena kusukulu sanapiteko, ndipo onse amandidziwa kuyambira ndili wakhanda. Anasaina onse makumi anayi ndi atatu.

Ndinawapemphanso kuti asawauze Amayi, poti mukudziwa mmene alili ndi nkhani ya njovu. Anakondwa nazo ngati ana obisa shuga. Mpaka lero ndikamawapakulira ena amanditsinzinira diso.

Pali dzina linanso, ndipo limenelo ndinkadziwa kuti ndikuba. Ndinkafuna kuti achimwene popita kukapereka mapepala aone dzina la mayi awo pamenepo. Amayi amasaina chilichonse chimene ndawaikira, ndimangoloza ndi chala pamzere. Ndiye tsiku lina ndinalowetsa pepala la achimwene pakati pa mapepala a kuchipatala, ndipo anasaina. Achimwene ataliona dzinalo anatembenukira kukhoma kupukuta misozi, akuganiza kuti Amayi afewa mtima. Ine sindinawauze mmene linabwerera.

Kenako tinapita kwa mayi wina wa chidindo, wolumbiritsa anthu, pafupi ndi khoti. Anati kwezani dzanja, ndinakweza. Anati sainani m'munsi mwa tsamba lililonse, ndinasaina. Nyemba ndinali nditasiya pamoto kusenta, ndiye mtima wonse unali kumeneko.

Sabata ziwiri zapitazo ndili m'sitolo pogulitsira nyama, wina anandigwira paphewa. Anali Nereida Solís, uja munali naye kalasi imodzi, amene tsopano akuyendera Homero monga mmene Amayi amayendera a Don Eusebio. Anandipsompsona patsaya ngati m'bale, n'kuti, "Asisi, ndimati ndikubweretsereni maluwa. Ife kuvutika chaka chonse kuganiza kuti agogo a mayi anu a Doña Herlinda tiwatani, osadziwa kuti mwana wawo yemwe atigwirira ntchito ulele."

Ndinati sindikumva zimene akunena. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha limodzi la mapepala aja, poti akaperekedwa aliyense angathe kupempha kuwaona. Anakulitsa ndi zala mizere ya pamwamba, ya timalemba ting'onoting'ono ija. Achemwali, palembedwa poyera kuti wosaina pepalalo akudziwa kuti chaka chino sangavotenso pa chipulula cha chipani china. Kenako anatsitsa mpaka m'munsi pamene pali dzina langa. Pamenepo ndiye kuti ndinalumbira kuti mawu amenewo ndinamuwerengera munthu aliyense asanasaine.

Anati, "Tsiku lovota tidzaika munthu wathu pamenepo, mndandanda uli m'manja. Muwauze agogowo adzatchene, mwina ajambulidwa." Anatenga nyama yake n'kumapita akugwedeza chikwama. Ine ndinatuluka osagula kanthu, ndipo ndinakhala m'galimoto ola lathunthu makiyi ali m'manja.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ya zisankho. Mayi amene ndinamupeza anali wachifundo, anandipatsa ndi madzi akumwa omwe, koma anati nthawi yofafaniza dzina inatha pamene mapepala anaperekedwa. Ndinafunsa kuti nanga agogowo atangopita kukavota kwa a bulu monga mwa masiku onse? Anati voti yotero siiwerengedwa, ndiponso ndi mlandu kwa wovotayo. Madzi akatayika saoleka, achemwali. Taganizani agogo a Tomasa ndi ndodo yawo ya miyendo inayi ija akufunsidwa mafunso pagulu chifukwa cha ine.

Achimwene ndinawasaka sabata yonse. Dera limene akufuna kuliimira ndi lalikulu, lero ali kunyanja, mawa kumalire, ndipo foni imangoti siyani uthenga. Loweruka ndinamva kuti ali ndi msonkhano muholo ya asilikali opuma, ndinapita ndi epuloni yomwe. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anali akusimba za Bambo, za chaka chija anasaina ndi mtanda pepala la kapitawo wa minda ya ku Michigan osadziwa zolembedwamo, banja lonse n'kukagona m'khola la nkhuku miyezi inayi. Inu munalipo, mukudziwa kuti si bodza. Anakweza pepala m'mwamba n'kufuula kuti, "Munthu wosawerenga amasaina moyo wake n'kuupereka kwa ena! Mwana aliyense wa m'boma lino aziwerenga asanagwire cholembera!" Anthu anaimirira kuomba m'manja, azimayi ena akulira. Ine ndinangotuluka.

Ndinawapeza Lolemba, tsiku la Candelaria lodalitsa makandulo kutchalitchi, atabwera kudzadya tamales, zikondamoyo zathu za nyama zija, monga mwa mwambo. Ndinawakokera kuseri kwa nyumba koyanika zovala n'kuwauza zonse. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka, agwira pakamwa ngati mmene ndinachitira ine. Sanadzidzimuke. Anangoyang'ana nsapato zawo n'kufunsa kuti, "Kodi sunawerenge?"

Ndikanakhala ndi poto m'manja ndikanachimwa. Ndinati, "Inu munawerenga?" Anati inde. Akuti ankaganiza kuti ndikudziwa, ndipo ataona kuti sindinafunse, nawonso sanafune kuiyambitsa. Ndinati ndiye kuti munandituma kukapala moto ndi manja, inu mutaima patali. Anati ndisakokomeze.

Kenako anayamba kudziteteza. Anati, "Chela, a Don Eusebio ali ndi zaka 79. Mpopi anatikokera zaka makumi atatu zapitazo, mpaka liti tizithokoza? Anandinyamula pa ubatizo, sanandigule." Mwina pamenepo pali choona, sindikudziwa. Ndinangofunsa kuti nanga Amayi, nanga dzina lawo?

Nditati ndiulula zonse, nkhope yawo inasintha. Anati, "Ukanena kuti sunawawerengere, wadzigwiritsa wekha kuti unalumbira zabodza. Ndipo mawa lake amene ndikulimbana naye kuchipani adzaika pa wailesi iliyonse kuti mphunzitsi wolalikira za kuwerenga anasainitsa nkhalamba zosaona. Zaka zanga zonse za m'kalasi zithera pamenepo." Anandipempha kuti ndingokhala chete, ndiwatengere agogowo kovota, akakabwezedwa zidzaoneka ngati kuiwala kwa ukalamba. Sindinawaonepo achimwene akuopa chonchi chimwalirireni Bambo.

Ndinawada ndi kuwamvera chisoni nthawi imodzi. Kenako Amayi anaitana kuti chakudya chikuzizira, tinalowa n'kukhala moyang'anana, ndipo iwo ndi amene anadalitsa chakudyacho.

Lachitatu kunabwera a Don Eusebio, chipewa chawo chija chili m'manja. Akalamba, achemwali, mwendo umodzi akuchita kukoka. Anati akufuna ulendo umodzi wotsiriza pampando kuti amalize ngalande ya kuseri kwa sukulu, madzi asadzalowenso m'nyumba za anthu ngati chaka cha namondwe chija. Za achimwene anangoseka n'kuti, "Mwana wanga wa ubatizo wasochera, koma wasochera atavala tayi, tiyeni tithokoze." Za mavoti sanafunse n'komwe. Anati, "Ena onse ndimawafunsa kawiri, koma comadre Herlinda safunsidwa." Ine ndinali ndikuthira khofi, mpaka anasefukira patebulo. Anandiseka kuti kodi Chela wapeza chibwenzi pa ukalamba pano.

Ndagwira njakata, achemwali. Ndikanena, ndapha achimwene ndipo ndadziika ndekha pamlandu. Ndikakhala chete, ndikatula agogo makumi anayi ndi atatu pamaso pa Nereida kuti akachititsidwe manyazi mmodzimmodzi, Amayi ataima pomwepo ndi bulauzi yawo. Ndaganizapo zoononga minibasi, koma kuvota n'kwa masiku ambiri, ndiononga kangati? Ndaganizapo zodwala, koma woyendetsa wina apezeka. Njira iliyonse imene ndingatenge, a Don Eusebio mavoti amenewo ataya kale, ndipo wawatayitsa ndine.

Ndinapita ngakhale kokalapa. Ansembe athu, aja ochokera ku Ireland, anandimvetsera bwinobwino n'kundiuza kuti ndinene choonadi, choonadi chimamasula. Ndinati zikomo abambo. Koma mumtima ndinati n'zosavuta kunena munthu ukakhala kuti mayi ako ali ku Ireland.

Pali china chimene sindinakuuzenipo, ndipo mundikhululukire kuti chikutuluka lero. Inu munachoka muli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, achimwene anapita ku koleji, ine ndinatsala. Palibe anandipempha kuti nditsale, koma palibenso anandifunsa. Zaka zonsezi chimene ndinali nacho n'chimodzi chokha, kuti Amayi amatseka maso n'kusaina pamene ndaloza, ndi kuti agogo aja amadya chimene ndawapatsa osanunkhiza. Sindinali mphunzitsi, sindinali ndi banja, koma ndinali wokhulupirika. Chimenecho ndi chimene ndinachitenga n'kukachipereka tsiku limodzi chifukwa choti achimwene ananditchula dzina mokoma.

Dzulo masana ndinati basi, ndinena, zivute zitani. Ndinasankha nthawi yowadontheza mankhwala m'maso, chifukwa amagona chagada pasofa maso ali otseka kwa mphindi zisanu. Ndinaona kuti ndingathe kuyankhula ngati sakundiyang'ana. Ndinaganiza zoyamba ndi tchimo laling'ono kuti lalikulu lipeze njira.

Ndinati, "Amayi, mu Novembala muja, pakati pa mapepala a kuchipatala ndinaikapo pepala la achimwene. Munasaina osadziwa. Chaka chino simungathe kuvotera a Don Eusebio."

Ndinadikira kuti adzuka n'kundilalatira. Iwo anangomwetulira maso ali chitsekere.

Anati, "Iwe mwana, zaka makumi anayi ndikugwira mapepala a chisankho, ukuyesa ng'ala ingandiiwalitse? A kuchipatala mzere wosaina umakhala umodzi, lija linali la mizeremizere. Ndinalidziwa usanandipatse n'cholembera chomwe." Ndinafunsa kuti nanga anasainiranji. Anati, "Ndi mwana wanga. Za njovu zakezo sindizifuna, ndipo pakamwa panga sadzamva kuti ndavomera. Koma apite kukapereka mayina mazana asanu a anthu achilendo popanda la mayi ake? Unandithandiza, Chela. Unandipezera njira yosainira osagonja."

Anafufuza dzanja langa n'kuligwira. Anati, "Ndiye zimenezi n'zimene zakuondetsa masiku onsewa? Leka kudzizunza, mwana wanga. Voti yanga ndi imodzi. Compadre sangaimve kuwawa, poti ndikuwabweretsera makumi anayi ndi atatu."

Achemwali, pakamwa panga panali potsegula kale. Ndinayang'ana nkhope ija, mankhwala akutsetsereka m'masaya, ili ndi mtendere umene sindinauone chiyambireni kampeni. Ndinati, "Zikomo, Amayi." Ndinawapukuta ndi kansalu n'kukabweza botolo mufiliji.

Ndiye ndikukupemphani, bwerani. Ndikudziwa kuti ndi kutali, ndikudziwa za bondo, ndikudziwa kuti kolongedza maapulo sapereka tchuthi mwachisawawa. Sindikupempha kuti mudzanene inu, mlandu ndi wanga ndipo ndidzanena ndekha. Ndikungofuna mudzakhale pampando pafupi ndi Amayi pamene ndikunena, mudzawagwire dzanja, chifukwa langa sadzalifunanso. Mudzakhalenso pakati pa iwo ndi achimwene, poti inu nokha ndi amene onse awiri amakuopani. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wangawu wafika potha.

Kuvota kukuyamba Lachiwiri pa 17. Musandiimbire pafoni ya m'nyumba, ndipo mukaimba ya m'manja mungonena tsiku limene mukufika, zina ndimva ndekha.

Lero m'mawa Amayi andipatsa kabuku kawo ka manambala. Akuti maso awo sakuonanso bwino, ndiye chaka chino ndiimbire ine agogo onse, mmodzimmodzi, kuwakumbutsa kuti asadzaiwale ziphaso ndi magalasi. Akhala pambali panga kuti azimva. Pofika nthawi ya nkhomaliro ndinali nditaimbira khumi ndi mmodzi. Onse akuti akonzeka, ndipo agogo a Tomasa akuti akapangitsa tsitsi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Yesenia ndi mwamuna wake, ndi kwa kamdzukulu kaja sindinakanyamulebe. Amayi akupereka moni, akuti muzivala masokosi awiri. Achimwene sakudziwa kuti ndalemba. Ambuye akusungeni nonse ndipo Amayi Maria akuyendetseni bwino panjira. Mundipempherere, koma muyambe mwagula tikiti.

Ndine mng'ono wanu,
Criselda